Zala Ziwiri za Constantino

Ku Thambani kunalibe mkwatibwi amene ankalowa m'banja osadutsa m'manja mwa Liness. Anali mlangizi wa mpingo, ndipo mbiri ya chilangizo chake inafika mpaka kutsidya kwa malire. Wolangizidwa ankakhala pamphasa, miyendo tambalale, mutu zyolii, Liness n'kuyamba kuyankhula dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka. Mtsikana akati afunseko kanthu, ankamudula pomwepo: "Lero tabwera ndi makutu, pakamwa tasiya kunyumba." Anthu ankamutama kuti mayi ameneyu ali ndi mphatso. Mphatsoyo analidi nayo, koma inali ngati mvula ya mu Januwale, yosafunsa ngati wina wayanika ufa.

Munthu mmodzi yekha ndiye anamukanika, ndipo anali wogona naye nyumba imodzi. Constantino, mwamuna wake, anali mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula pamsika. Anachokera ku Mozambique ali mnyamata, nthawi ya nkhondo, ndipo nkhondo itatha anzake akubwerera kwawo iye anatsala n'kukwatira. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, wokonda kachasu. Atamupeza ndi matenda a shuga, kachasuyo sanamusiye. Tsiku lina anaponda kachidutswa ka lata osamva n'komwe, chilonda chinakana kupola, ndipo pofika nyengo yokolola zala ziwiri za phazi lamanzere zinali zitada bii ngati makala. Fungo lake linkayamba kulowa m'nyumba mwini wake akadali pakhonde.

Dokotala wa kuchipatala cha pa boma ku Mwanza sanapite m'mbali. Anati zala ziwirizo zidulidwe msanga, apo ayi kuwolako kukwera ndipo chodzadulidwa chidzakhala mwendo wonse. Constantino anangopukusa mutu, n'kutenga ndodo yake, n'kubwerera ku Thambani.

Liness anayesa zonse zimene ankazidziwa. Anaitana ankhoswe. Anaitana abusa. Anabweretsa amayi a mpingo amene anaimba pabwalo mpaka mawu kusasa. Mankhwala a shuga anawamanga pangodya ya chitenje chake, ndipo m'mawa ndi madzulo ankaimirira pamaso pa mwamunayo mpaka ameze. Ankamukumbutsa tsiku lililonse kuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Constantino ankayankha liwu limodzi lokha, "Ndamva," kenako n'kutsimphina ulendo wa kwa mnzake Joao, kumene kachasu sankasowa.

Choncho namwino wina atanena kuti kuchipatala kuja kuli wopereka uphungu amene amathandiza anthu okana thandizo, Liness anasangalala. Anati mumtima mwake: eya, akamukalipire munthu wa boma, mwina mawu a wovala yunifolomu alowa pamene anga akanika. Anavala chitenje chake cha misonkhano, anamukweza mwamuna wake pikapu, ndipo njira yonse ankakonza m'mutu milandu yoti akanene.

Atalowa m'kachipinda ka uphungu, mtima wake unagwa. Amene anawalandira anali kamtsikana kochepa thupi, kosavala ngakhale yunifolomu, ka msinkhu wa mwana wawo Deliwe. Sikanakhale kuseri kwa tebulo ayi, kanakokera mpando pafupi ndi Constantino ngati phazi lija silinkanunkha.

"Dzina langa ndine Anne. Bambo, mwayenda bwanji?"

"Ayenda movutika," anayankha Liness msangamsanga, pakuti wodwazika matenda ndiye amayankhira wodwala, aliyense amadziwa zimenezo. "Bambowa ndi osamva. Adokotala anena, abusa anena, ine ndanena mpaka malovu kuuma. Ndiye ndawabweretsa kuti muwauze zoona, musawanyengerere."

"Zikomo amayi, zikuoneka kuti matendawa mwavutika nawo kwambiri. Ndipempheko kuti ndiyambe ndamva kwa bambowa, kenako ndimva kwa inu." Anne anatembenukira kwa Constantino. "Bambo, mukufuna amayi akhale muno kapena adikire panja?"

Liness anangoti kukamwa yasa. Iye, amene ankatulutsa amayi a mkwatibwi m'chipinda cha chilangizo ndi diso lokha, lero akufunsiridwa chilolezo kwa chidakwa! Constantino naye anadabwa. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mtsikanayo, kenako anati chapansipansi, "Akhale."

"Chabwino. Bambo, ine sindinabwere kudzakukakamizani chilichonse. Phazili ndi lanu. Kodi mungandilole tikambirane za phazili ndi za mowa?"

"Funsani."

"Kachasu amakuchitirani zabwino zanji?"

Apa Liness anachita kudzuka pampando. "Zabwino? Mwati zabwino? Mwana iwe, takubweretsera wodwala kuti umuchize kapena kuti umugulire botolo?"

Anne sanakwiye. Anangomupempha ndi dzanja kuti akhale pansi, maso ake ali pa Constantino, n'kudikira. Anadikira ndithu. M'chipindamo munangoti zii, ndipo Liness, amene chete ankamumva ngati mwala mu nsapato, anachita kuluma mlomo kuti asaphulike. Ankadziwa kuti mwamuna wake sayankha, chifukwa munthu ameneyu kuyankha mafunso sanali kukudziwa.

Koma Constantino anakhosomola n'kuyamba.

"Kwa Joao tikakhala pansi pa mtengo wa mango, munthu ukayamba kuyankhula anzako amadikira umalize. Timayankhula Chinyungwe, chinenero cha kwathu. Wina amati, shamwali, iwe ukuona bwanji? Ndiye umanena, iwo n'kumva. Phazi limayiwalika."

"Ndiye kuti kumeneko mumadzimva kuti ndinu munthu wamkulu, woti mawu ake amadikiridwa."

"Ndi zomwezo."

"Nanga zimene simuzikonda pa kachasuyu ndi ziti?"

Liness anayembekeza kuti anena kuti palibe. Koma mwamunayo anayamba kutchula yekha, akuwerenga pa zala za m'manja. Anati m'mawa manja amanjenjemera moti nyundo imaphonya msomali. Anati ndowa zake zayamba kudontha, iye amene kale anthu ankachokera ku Zobue, kutsidya kwa malire, kudzagula kwa iye. Anati akudziwa kuti kachasu akudyetsa chilondacho, ndipo anachita manyazi tsiku lina mdzukulu wake atagwira mphuno pomupatsa moni.

Liness anagwidwa tsemwe. Awa anali mawu ake enieni, amene anakhala akumuponyera zaka zonsezi n'kumaganiza kuti akugwera pathanthwe. Kani munthuyu ankazidziwa zonse, mwinanso kuposa iye. Nanga bwanji sananenepo? Funsolo linamufika pakhosi, koma Anne anali atafunsa kale lina.

"Mankhwala a shuga mukumwa bwanji?"

"Amamwa!" Liness analephera kudzigwira. "Pamenepo pokha musafunse. Ndimawapatsa ndekha, ndimaimirira pomwepo mpaka ayasamule ndione."

Constantino anayang'ana pansi. "Ndimabisa kuseri kwa tsaya. Ndikatuluka ndimalavulira kukhola la nkhumba."

Mtima wa Liness unangoti myuu. Miyezi yonse ija akudzuka m'mamawa, akumasula ngodya ya chitenje, akuthokoza Mulungu kuti mbali iyi yokha wapambana, kani ankachiza shuga wa nkhumba! Anatembenukira kwa Anne, akudziwa kuti apa pokha mtsikanayu akalipa, chifukwa ngakhale munthu wofatsa bwanji sangamve za mankhwala a boma akutayidwa kukhola n'kukhala chete.

"Mumafuna kuti kumwa mankhwala kukhale kufuna kwanu, osati kwa munthu wina," anatero Anne, mawu ake osakwera osatsika.

"Ine ndine mwana woti ndiziyasamula aone ngati ndameza?" Constantino anafunsa, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu ake anakwera. "Ndili ndi zidzukulu ine."

"Ndamva, bambo. Ndifunseko china. Tiyerekeze kuti pali makwerero, kuyambira ziro mpaka teni. Ziro ndiye kuti zochotsa zalazi simukuziona kufunika n'komwe, teni ndiye kuti mukuziona zofunika kwambiri. Inu muli pati?"

Constantino anaganiza. "Folo."

Folo! Liness anagwira m'mutu. Munthu mwendo ukuwola, ntchentche zikumutsata ngati wanyamula usipa, iye akuti folo. Tsopano mtsikanayu amufunse kuti bwanji osanena teni, amuonetse kupusa kwake.

"Folo," anabwereza Anne. "Bwanji simunanene ziro?"

Funsoli linali lopita chammbuyo, ndipo Liness anatsimikiza kuti mwanayu sukulu yake sanamalize. Koma Constantino anayamba kusisita ndodo yake ndi chala chachikulu. Atayamba kuyankhula, mawu ake anali a munthu wina.

"Mayi anga anafera panjira pothawa nkhondo. Tinawaika paphiri, kupitirira Zobue, ine ndi amalume anga. Tinakumba ndi mtengo, khasu tinalibe. Tinaunjikapo miyala. Chaka chilichonse tikakolola ndimati ndikupita kukagula malata kutsidya, koma ndimakwera phiri lija kukalambula. Ndimafuna ndidzamangepo chiliza ndisanafe. Kumeneko galimoto sifika, njinga sifika. Ndi miyendo basi."

Liness anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Maulendo ogula malata aja ankawadziwa bwino. Ankawatcha maulendo a mowa, ndipo chaka china anafika poitanitsa ankhoswe poganiza kuti kutsidyako kuli mkazi wina. Ankadziwa kuti apongozi ake anafa pankhondo, koma za phiri, za miyala, za kulambula, ankazimva lero. Kenako anakumbukira, ndipo kukumbukirako kunamupweteka. Atangokwatirana kumene, mwamunayu anayambapo nkhani ya manda a mayi ake, iye n'kumudula kuti Mkhristu sasamala za mizimu, akufa aziika akufa anzawo. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyo sinatulukenso.

"Phiri limenelo ndi lofunika kwambiri kwa inu," anatero Anne. "Nanga chikukuletsani kukwera kuchoka pa folo n'chiyani?"

"Mpeni. Amalume aja anaponda bomba la pansi, mwendo unachoka. Ndinaona mmene anthu ankawanyamulira ngati thumba la chimanga. Ine ndikuopa kuti andigoneka kuti tikuchotsa zala, ndikadzuka mwendo palibe."

"Mungandilole ndikuuzeni zimene ndikudziwa?"

"Nenani."

"Adokotala akuti pakali pano kuwolako kuli pa zala ziwiri zokha. Anthu ambiri ochotsedwa zala ziwiri akachira amayenda, ena amalima, ena amakwera mapiri. Sindingakulonjezeni chilichonse, koma muli ndi ufulu wowafunsa adokotala asanakugonekeni kuti adula pati. Chimene sindingakubiseni n'chakuti kuwolaku sikuima. Mukachedwa, chimene mukuopacho ndi chimene chidzachitike." Anapuma pang'ono. "Ndiye mbali ina mukuopa mpeni, ndipo kwa Joao mumapezako ulemu umene mumausowa. Mbali ina mukufuna manja anu asiye kunjenjemera, ndipo mukufuna kukwera phiri la mayi anu ndi miyendo yanu. Inuyo mukuona kuti mutani?"

Constantino anapumira m'mwamba. "Ndikaganize."

"Chabwino, bambo. Khomo ili n'lotsegula tsiku lililonse. Koma mukamva kutentha thupi, kapena mukaona kudaku kukukwera, musadikirenso."

Constantino anatenga ndodo yake n'kutuluka. Liness anatsala ali chiimire, osakhulupirira zimene maso ake anaona.

"Basi? Mwawasiya apite? Munthu anali atafewa, misozi ili m'maso, m'malo moti mumugwire pomwepo asayine, inu mukuti akaganize? Mwendo umenewu ukadulidwa, mlandu uli pamutu panu!"

"Amayi, anthu akuluakulu oposa ine awakalipira kale bambowa. Ndikawonjezera ine, andiuza kuti ndamva, ndipo sindidzawaonanso. Chifukwa chosinthira chiyenera kutuluka m'kamwa mwawo, chifukwa changa kapena chanu sichingawayendetse." Anne anamuyang'ana mwachifundo. "Ndinalonjeza kuti ndimva kwa inu. Inuyo chimene mukuopa kwambiri n'chiyani?"

Zaka zonse zimene Liness anakhala akulangiza anthu, palibe anamufunsapo funso lotere. Yankho linalipo, linali pafupi kutuluka: ankaopa kugona yekha m'nyumba ija, ankaopa kudzuka osamva nyundo ikulira kuseri. Ankamukonda munthu wosamvayu, ndipo mantha ndiwo ankamukweza mawu. Koma kulira pamaso pa kamwana kotere kunali kosatheka. Anamanga chitenje chake mwamphamvu n'kutuluka osatsanzika.

Atafika kunyumba anamasula mankhwala aja n'kuwaponya patebulo.

"Nawa, bambo a Deliwe. Kaya mumwa, kaya mudyetsa nkhumba zanu, muzidzionera nokha."

Kuchokera pamenepo anatseka pakamwa. Tisanamizane kuti anaphunzirapo kanthu kwa Anne, ayi, kunali kutupa chabe. Ankaphika osayankhula, ankasesa osayankhula, ankapereka madzi osamba akuyang'ana kumbali. Anthu oyandikana nawo anafika pofunsana ngati mayi a Deliwe apita ku Blantyre kwa mwana wawo, chifukwa nyumba imene inkamveka mpaka kumjigo inali itangoti zii. Constantino ankakhala pakhonde, phazi atalisanjika pa ndowa, akuyang'ana mapiri a kumadzulo.

M'mawa wina Liness pobwera kudimba anapeza pakhonde palibe munthu. Anati wapita kwa Joao, akawolere komweko. Madzulo sanabwere, koma zogona kumowa sizinali zachilendo, choncho Liness anakhoma chitseko n'kugona ndi mkwiyo wake. Tsiku lotsatira sanabwerenso. Kutacha kachiwiri, mkwiyo unasanduka mantha, ndipo anathamangira kwa Joao mpango uli m'manja.

Pansi pa mtengo wa mango panalibe munthu. Felizarda, mkazi wa Joao, anali kutsuka mbale kuseri.

"Amuna anga ali kuti?"

Felizarda anamuyang'ana modabwa. "Simukudziwa? Anapita ku boma dzana m'mamawa ndi bambo akunowa. Anati akukachotsa zala."

Liness anakhala pansi pomwepo, pa dothi lonyowa ndi madzi otsukira mbale. Dzana! Mwamuna wake wagonekedwa, wadulidwa, mwina wafa, iye ali kalikiliki kutupa m'nyumba. Sanabwererenso kunyumba kukasintha. Anakwera pikapu yoyamba imene anaipeza pamsika, ndipo ulendo wonse sanayankhule ndi munthu, zimene zinadabwitsa onse omudziwa.

Pakhomo la wodi ya abambo namwino anamuimitsa.

"Mukufuna ndani, amayi?"

"Constantino, wa phazi. Ndine mkazi wake."

"Owadikirira alipo kale, timalola mmodzi. Koma poti ndi nthawi yoona odwala, lowani."

Owadikirira alipo kale. Mawuwa anamubaya. Ku Mwanza kuno mwamuna wokwatira akagonekedwa, wodwazika ndi mkazi wake, ndipo akasowa mkazi anthu amafunsana kuti banja limenelo muli chiyani. Analowa. Pabedi la kumapeto anaona Joao, chidakwa chodziwika Thambani yonse, ali bwinobwino wosaledzera, atakhala pa kampando akuuzira phala mu kapu. Pambali pake panali beseni ndi kansalu kofinya bwino. Mlangizi wa mpingo wonse, mwamuna wake akusambitsidwa ndi Joao!

Constantino anali atatsamira pilo, nkhope yotuwa koma maso owala. Liness sanayang'ane nkhope. Anayang'ana kumiyendo. Pansi pa bulangete panali miyendo iwiri, ndipo kumapeto kwa wamanzere kunatulukira phazi lokulungidwa bandeji yoyera. Fungo lija kunalibe.

"Achotsa ziwiri zokha," anatero Joao akuimirira mwaulemu. "Anawafunsa yekha adokotala kuti mudula pati, mundionetse. Akuti tinafika nthawi yabwino, kukanangochedwa pang'ono zikanavuta."

Chimwemwe chinamukwera Liness mpaka m'maso, ndipo pambuyo pa chimwemwecho panabwera mawu, ambirimbiri, a masiku onse amene anakhala chete. Anakoka mpweya n'kutsegula pakamwa. Constantino anakweza dzanja.

"Mayi a Deliwe, dikirani ndimalize kaye ine. Ndikudziwa kuti ndakuchititsani manyazi. Ndikanakuuzani mukanandiperekeza, mukananyamula chikwama, mukanagona pansi apa usiku wonse osadandaula. Palibe angandisamale kuposa inu. Koma tikanafika pageti paja mukananena kuti, si ndinanena ine? Ndipo ine ndikudzidziwa. Ndikanatembenuka pomwepo, ndikanalola mwendo wonse upite."

Liness anauma ali chiimire, pakamwa pali potsegula. Mawu amene anali pa lilime lake, okonzeka kutuluka, anali omwewo. Anawameza. Anayang'ananso mwendo uja, wathunthu pansi pa bulangete, mwendo umene anaumenyera nkhondo miyezi yonseyi, ndipo anazindikira kuti unapulumuka chifukwa iye kunalibe.